PA BWALO LA NYIMBO: Zitoliro ziwiri za ku Ireland, chachitsulo ndi chapulasitiki

Sabata ino ng'oma ndi magule zipume kaye, tikambeko za chitoliro. Sindikunena chitoliro chansungwi chija amaliza anyamata oweta ng'ombe kudambo ayi, koma china chachilendo, chachitali ngati mkono wa munthu wamkulu kuyambira paphewa kulekeza pachikhatho, chimene eni ake ku Ireland ndi ku Britain amachitchula kuti low whistle. M'chinenero chathu tingoti chitoliro cha mawu apansi. Ambiri a inu kulira kwake munakumvapo ngakhale dzina simulidziwa. M'mafilimu achizungu, munthu akamwalira kapena wina akamatsanzika kwawo, kumamveka kaliwu kozizira, kosasa pang'ono, kokhala ngati mphepo ikudutsa m'nsungwi. Kawirikawiri chimakhala chimenechi.

Ine ndili nazo ziwiri. China n'chapulasitiki chakuda, chimene ndakhala nacho zaka zingapo tsopano. Chinacho n'cha aluminiyamu, chonyezimira ngati poto watsopano, ndipo changotha masabata awiri chifikireni kuchokera kwa mwana wa mlongo wanga amene ali pantchito ku Dublin. Anyamata a kwaya ina kuno kwathu atachimva anabwera kudzandifunsa kuti mwa ziwirizi aitanitse chiti, popeza ali ndi kandalama kamene anasonkha atagulitsa mbatata ya kachewere ya m'munda wa gulu. Ndalama ya thukuta sitaya mwachisawawa, choncho ndati ndiyankhe pano poyera kuti ndi ena amene ali ndi maganizo otere amve nawo. Paja mbatata yomweyo anzathu a tsidya la Malawi amaitcha airishi, ndiye tingoti airishi wam'munda akufuna kugula airishi wapakamwa.

Tiyambe ndi kumene chinachokera. Chili ndi mng'ono wake, kachitoliro kachitini kamabowo 6 kamene Azungu amati tin whistle kapena pennywhistle. Kameneka n'kakale. Mngerezi wina, a Robert Clarke, anayamba kukapanga kambirimbiri m'chaka cha 1843, ndipo popeza kanali kotsika mtengo kanalowa m'manja mwa anthu osauka ndi ana a m'misewu. Ku Ireland kanakhazikika mpaka kusanduka ngati kawokawo. Chachitalichi n'chadzana. Katswiri wina wa nyimbo za ku Ireland, a Finbar Furey, anali ndi chitoliro chansungwi cha ku India chimene ankaimbira nyimbo yawo yotchuka ija ya The Lonesome Boatman. Chitawonongeka, mmisiri wa ku England, a Bernard Overton, anawapangira china chachitsulo m'chaka cha 1971, ndipo low whistle ya masiku ano inayambira pomwepo. Kwa zaka zambiri inkadziwika pakati pa oimba okhaokha. Inadzatchuka pa dziko lonse ndi gule wa Riverdance, amene anaonekera koyamba ku Dublin mu 1994 nasanduka chionetsero chachikulu mu 1995, ndipo m'menemo a Davy Spillane anailiza mpaka anthu kuyamba kufunsana kuti kodi chikulirachi n'chiyani. A Overton anamwalira mu 2008, koma a Colin Goldie, amene anayamba ndi kupanga zitoliro za dzina la Overton, anapitiriza luso lomwelo ku Germany pa dzina lawolawo. Lero amisiri ake ndi ambiri, ena ku Scotland, ena ku America, ndipo ena amagwiritsa chitsulo, ena pulasitiki, ena mtengo.

Taonani apa abale: chipangizo chimene lero anthu amachigula ndi ndalama zolemera chinabadwa pofuna kutsanzira nsungwi.

Kapangidwe kake n'kosavuta kumva. Ndi mpope wautali pafupifupi masentimita 60. Kumutu kuli kampata kopyapyala kodutsa mpweya wochokera m'kamwa. Mpweyawo ukatuluka umakagunda kampeni kosongoka kamene kali pakakhomo kakang'ono, n'kugawika pawiri, ndipo kugawikako ndiko kumanjenjemeretsa mpweya wa m'kati mwa mpope kuti liwu lituluke. N'chifukwa chake sichivuta kuliza ngati chitoliro cham'mbali chimene umachita kupinda milomo. Apa ngakhale mwana akangouzira chimalira. Pathupi pake pali mabowo 6, atatu a dzanja lamanzere kumtunda, atatu a dzanja lamanja kumunsi. Mukatseka onse mumapeza liwu lapansi penipeni, limene pa zitoliro zanga zonse ziwiri ndi D, kapena Ré kwa inu amene munaphunzira nyimbo m'Chipwitikizi. Mukamatsegula limodzilimodzi kuchokera kumunsi mawu amakwera ngati makwerero, ndipo mukauzira mwamphamvu pang'ono zala zili pomwepo, mawu omwewo amadumphira m'mwamba mwake. Lamulo lake ndi lomwe lija amalidziwa aliyense amene anadulapo bango: mpope ukatalika liwu limatsika. Chachitalichi chimaposa mng'ono wake kawiri kutalika, ndiye ngati mng'onoyo ali mtsikana woimba nthetemya, ichi ndi mayi wamkulu woimba alito.

Tsono tibwere pa ziwiri zangazi.

Choyamba chimene dzanja limamva ndi mabowo. Pa chatsopanochi mabowo ndi aakulu ndipo ndi otalikirana, makamaka awiri akumunsi. Lachisanu n'lalikulu moti nsonga ya chala chamwana ikhoza kumira. Pa chapulasitiki ndi ocheperako ndiponso oyandikana pang'ono. Munthu wosadziwa angati imeneyi ndi nkhani yaing'ono, koma ndi pamene ambiri amagonjera. Chitoliro chachitali sichifuna kugwiridwa ndi nsonga za zala monga kachitini. Zala zimagona chogona pamwamba pa mpope, ndipo bowo limatsekedwa ndi mnofu wapakati pa chala, monga amagwirira oliza zitoliro za thumba za ku Ireland zotchedwa uilleann pipes. Bowo limodzi likangotsala ndi kampata ngati tsitsi, liwu lapansi silituluka, m'malo mwake chimalira ngati nkhuku yogwidwa ndi kamba. Ine amene zala zanga zinazolowera kale, masiku atatu oyamba dzanja lamanja linkachita dzanzi ndi chachitsulochi. Nanga mtsikana wa kwaya wa zaka 14? Ndinamupatsa wina kuti ayese. Pa chapulasitiki anapeza mawu onse tsiku lomwelo, pa chachitsulo chala chake sichinafike pa bowo lomaliza. Ndipo inu a zala za khasu, zokhala ndi zikang'a ndi ming'alu, dziwani kuti mng'alu wa pachala umapitiriza mpweya. Pakani mafuta pang'ono musanayambe.

Koma likatuluka liwu lapansilo, abale, m'pamene ndalama yake imaonekera. Pa chapulasitiki D wapansi ndi wamanyazi. Umayenera kumunyengerera, kuuzira pang'onopang'ono ngati ukuziziritsa phala la khanda, ndipo ukangowonjeza mpweya amathawira m'mwamba. Pa chachitsulo D yemweyo amaima nji. Ukhoza kumukankha ndipo amakukankhanso, mpope wonse n'kumanjenjemera pansi pa zala. Ndinachiliza madzulo pakhonde, mayi a kunyumba ali kukhitchini kuseri, ndipo anatuluka kudzaona ngati kwabwera mlendo, pakuti akuti sanamvepo ine ndikuliza choncho. Mawu ake ali ndi kamchenga m'kati, kusasa kokoma kuja kwa munthu wamkulu akamayamba nyimbo ya pamaliro anthu onse ali duu. Chapulasitiki mawu ake ndi osalala, oyera, koma opyapyala. Sichinyansa ayi, ndachiimbira zaka zonsezi mosangalala, koma ukaziika pamodzi kusiyana kwake kuli ngati kwa thobwa la mawere ndi madzi a shuga.

Pa nkhani ya mpweya ziwirizi zimasiyana mwa njira imene inandisangalatsa kuiona. Chapulasitiki kampata kake n'kotakasuka, mpweya umangodutsa osakumana ndi chotchinga, choncho chifuwa chimatha msanga ndipo pa mzere umodzi wa nyimbo umapuma kawiri. Chachitsulo kampata kake n'kothina. Umamva ngati ukuuzira m'kaphesi kakang'ono, umafunika kulimbitsa m'mimba, koma mpweya wochepa umakufikitsa patali. Mzere womwe uja ndimaumaliza ndi mpweya umodzi. Vuto lili kumwamba. Mawu awiri omaliza a m'mwamba pa chachitsulo amafuna kuwalasa molimba mtima, ndipo akatuluka amatuluka mokuwa, agalu a pamudzi n'kuyankha. Ukachita mantha pang'ono amagwera pansi. Pa chapulasitiki mawu omwewo amabwera mosavuta ndipo saboola khutu. Munthu amene amaphunzira usiku m'nyumba ya chipinda chimodzi, ana ali mtulo, aganizire zimenezi.

Tsopano nayi nkhani imene ogulitsa sangakuuzeni, chifukwa sadziwa kuzizira kwa kuno kumapiri a Angónia ndi Tsangano m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Mpweya wa m'kamwa ndi wofunda ndipo uli ndi chinyezi. Ukakhudza chitsulo chozizira umasanduka timadontho, monga mame a pansi pa malata m'mamawa. Timadontho timeneti timadzaza kampata kothina kaja, ndipo chitoliro chimayamba kulira ngati munthu wa chimfine, kenako n'kutsamwa pakati pa nyimbo. Chachitsulo changa chimachita zimenezi m'mawa uliwonse ndikachitola chozizira. Si kuwonongeka ayi, ndi chibadwa cha aluminiyamu, ndipo oimba a ku Ireland, kumene nakonso n'kozizira, amalimbana nazo zomwezi. Mankhwala ake ndi kufunditsa mutu wake m'manja kapena m'khwapa mphindi zingapo musanayambe. Chikatsamwa, tsekani kakhomo kaja ndi chala n'kuuzira kamodzi mwamphamvu kuti madzi atuluke. Ena amadontheza madzi a sopo wochepa kwambiri m'kampatamo n'kusiya kuti aume, kuti chinyezi chiziyenderera m'malo mounjikana. Chapulasitiki nachonso chimatsamwa nthawi zina, koma chimafunda msanga ndipo sichivuta chotere.

Kuzizira kuli ndi chinanso. Chitoliro chozizira mawu ake amatsikirako, ndipo chikafunda amakwera. Ukamaimba wekha palibe amene angadziwe. Koma kwaya ili ndi limba kapena kiyibodi, ndipo zimenezo sizisuntha. Apa m'pofunika kufunsa musanagule ngati chitolirocho chili ndi mutu wosuntha. Changa chapulasitiki chili m'zigawo ziwiri: ukasolola mutu pang'ono mawu amatsika, ukaukankhira m'kati amakwera, choncho chimagwirizana ndi limba lililonse. Chachitsulo chimene ndalandirachi ndi mpope umodzi wosagawika. Amisiri amapanganso zachitsulo za mutu wosuntha, koma mtengo wake umakwererapo. Anyamata inu a kwaya, chilichonse chimene mungasankhe, chikhale cha mutu wosuntha. Pamenepa pokha sindikunyengererani.

Dziwaninso kuti chitoliro cha D chimayenda bwino m'nyimbo za D ndi za G, ndi zina zachisoni zoyandikana nazo. Nyimbo ya G imafuna liwu limodzi limene silili pa makwerero aja, ndilo C, ndipo limapezeka potsegula bowo lapamwamba n'kutseka awiri otsatira. Pa chachitsulo liwu limeneli limatuluka lolunjika, pa chapulasitiki changa limakwererako pang'ono moti ndimawonjeza chala chachitatu. Ngati woliza limba wanu anazolowera kuyambitsa nyimbo zonse mu F, monga ambiri achitira, mudzakangana naye. Mwina iye asunthe, mwina inu muitanitse chitoliro cha F, pakuti ziliponso za F, za G ndi za A, zimene n'zazifupiko ndipo zala zazing'ono zimafika bwino.

Nanga kulimba? Pulasitiki ikagwa pansi imadumpha n'kukhala bwinobwino, koma musaisiye padzuwa la Okutobala kapena pafupi ndi mafuwa. Aluminiyamu dzuwa saliopa, koma ndi chitsulo chofewa. Kampeni kaja kakangophwanyika kapena kupindika pang'ono, mawu apita, ndipo wowotcherera njinga pamsika sangakakonze. Chitoliro cha gulu chimayenda m'manja ambiri, chimakwera njinga, chimagona m'thumba limodzi ndi mabuku a nyimbo. Ganizirani zimenezo. Za mtengo, chachitsulo chopangidwa ndi mmisiri pamanja chimaposa chapulasitiki kangapo, osawerengera zotumizira, ndipo kusiyana kwakeko ndi ndalama imene pakhomo ingagule matumba a feteleza.

Maganizo anga ndi awa. Kwa ine ndekha, chachitsulo chandigwira mtima ndipo ndi chimene ndikutola madzulo aliwonse. Komabe masabata awiri ndi ochepa, ndipo paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, choncho ndidzanenanso chikadzatha chaka. Kwa gulu limene palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo chitoliro chachitali, ndikuti gulani chapulasitiki cha mutu wosuntha, ndipo ndalama yotsalayo mugulire tizitoliro tating'ono ta D tiwiri kapena titatu. Kagwiridwe ka zala n'kamodzimodzi, ndiye ana adzaphunzirira pa tating'onoto, ndipo amene adzaonetse khama ndi amene adzakwere pa chachitali. Chachitsulo chidzabwera pambuyo, pamene padzakhale munthu woti n'kuchidyetsa mpweya. Ndiponso musayembekeze kuti low whistle ingapikisane ndi ng'oma zitatu ndi anthu 40 oimba mokweza. Idzamira. Malo ake ndi poyambira nyimbo, pakati pa ndime, kapena pa nyimbo yachifatse. Ngakhale kwawo ku Ireland imakoma koposa pa nyimbo zoyenda pang'onopang'ono, m'mene woliza amatsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina posolola chala pang'onopang'ono pabowo, ndi kunjenjemeretsa liwu pogwedeza chala pamwamba pa bowo lotseguka.

Wina anandifunsa kuti, kodi bambo, zitoliro za Azungu zikutikhudza chiyani ife? Funso labwino, koma mng'ono wake wa chitolirochi si mlendo kuno kum'mwera kwa Africa. M'zaka za m'ma 1950 anyamata a m'misewu ya Johannesburg anatenga pennywhistle n'kupanga nayo nyimbo za kwela. A Spokes Mashiyane anatchuka nayo, ndipo nyimbo ya Tom Hark inakafika mpaka ku Britain mu 1958 n'kugulidwa kwambiri. Madoda amene anapita ku migodi ya ku Joni anabwera nazo nyimbozi m'makutu. Tsidya linali, kwa Chileka pafupi ndi Blantyre, a Daniel Kachamba ndi mng'ono wawo a Donald Kachamba anaimba kwela mpaka kukaimba ku Ulaya. Oimba kwela anali ndi kalizidwe kawokawo, kolowetsa mutu wa chitoliro m'kati mwa kamwa mopendeketsa kuti mawu akule ndi kukhuthala, kamene amene anachipanga sanakaganizireko n'komwe. Ndinayesa kachitidwe kameneka pa chachitsulo changa, koma mutu wake ndi waukulu, ndipo ndinangotsala pang'ono kudzigulula dzino. Ndipo tisaiwale kuti m'chigawo chathu chino cha Tete, abale athu Anyungwe ali ndi nyanga, mitolo ya timabango imene gulu la amuna limaliza molandizana uku akuimba ndi kuvina. Luso la mpope ndi mpweya sitichita kubwereka.

Kwa amene alibe wachibale kunja ndiponso alibe ndalama ya mbatata, njira ilipo. Anthu ambiri pa dziko amadzipangira low whistle ndi paipi ya pulasitiki ya madzi kapena ya magetsi, yomwe ija imagulitsidwa m'masitolo a zomangira ku Ulónguè. Pezani yotakata pafupifupi masentimita 2 m'kati, muidule motalikirapo kuposa masentimita 60. Kumutu semani kakhomo ndi kampeni, mutseke ndi kamtengo kouma kosemedwa bwino, kosiya kampata kopyapyala pamwamba. Ntchito yaikulu ili pamenepa, ndipo musaboole bowo lililonse mpaka mpope wopanda mabowowo utalira bwino. Ukalira, pitani nawo pa limba, muzidula kumunsi pang'onopang'ono mpaka liwu lifanane ndi D. Mukadula mopitirira simungabwezere, ndiye dulani ngati mukudula nyama ya alendo. Kenako mabowo, kuyambira lakumunsi kukwera m'mwamba. Lililonse liyambe laling'ono, chifukwa kukulitsa bowo kumakweza liwu lake, ndipo mulikulitse mpaka ligwirizane ndi limba musanapite pa lotsatira. Ubwino wodzipangira ndi wakuti bowo lomaliza lija mukhoza kulikhotetsera pambali pang'ono, kumene chala chanu chimafika mosavuta, ndipo liwu silisintha malinga ngati mtunda wake kuchokera kumutu uli womwewo. Nsungwi timaboola ndi chitsulo chamoto, koma paipi ya pulasitiki musaiwotche, utsi wake ndi woipa m'chifuwa. Gwiritsani ntchito nsonga ya mpeni kapena choboolera cha akalipentala, ndipo m'mphepete mwa bowo musalaze ndi sandipepala kuti chala chizikhala bwino.